Amene Anagwira Mfuti Ndine

Makwasa,
Thyolo.
21 Julayi 2024.

Okondedwa ababa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi achimwene a Limbikani, alamu ndi ana kumeneko ku Karonga. Kodi bondo lija likuvutabe? Kuno tilipo. Chiperoni chakhazikika sabata yonse ino, dzuwa sitikuliona, ndipo chovala ukachapa chikumatenga masiku atatu kuti chiume. Tiyi wachepa m'minda monga mudziwa nyengo ino, moti othyola ambiri anawapumitsa.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Chifukwa chake ndi makutu anu, ababa. Pa foni mumangoti "eya, eya" musanamve, kenako achimwene amakubwerezerani mokuwa. Zimene ndikufuna kukuuzanizi si zoti munthu akukuwireni m'khutu ana akumvetsera. Muwerenge nokha, pang'onopang'ono. Mundikhululukirenso kalembedwe kokhotakhotaka, zala za dzanja lamanja sizinayambe kupinda bwino.

Za imfa ya anzanu a Crispin munamva. Munamvanso kuti ine ndinapsa manja powatulutsa m'moto, ndipo achimwene akuti munagwetsa misozi n'kunena kuti munabereka mwana wolimba mtima. Mawu amenewo akhala akundilemera usana ndi usiku. Zimene munauzidwa si zonse, ndipo zina mwa izo ndi bodza limene ine ndinaikapo dzina langa.

Ndiyambire pa mfuti. Mwezi wa Febuluwale esiteti inagula mfuti ziwiri zokhomera misomali. Inu simunagwirepo zimenezi. Ndi chida chooneka ngati dirilo, chimalumikizidwa ndi paipi ku kompuresa, makina opopa mpweya, ndipo misomali yake imabwera yomatana ngati mano a chipeso. Ukakanikiza kukamwa kwake pathabwa n'kukoka kachitsulo ndi chala, mpweya umaponya msomali wonse mpaka mutu, kamodzi kokha. Anaziitanitsa ndi a Mervin, injiniya amene anabwera inu mutapuma kale ntchito. Wogulitsa anachokera ku Limbe, anationetsa kwa ola limodzi, n'kukwera galimoto yake.

A Crispin anainyamula mfutiyo, anaitembenuza uku ndi uku, n'kuibwezera patebulo. Anati, "Ine zaka makumi atatu ndikukhoma ndi hamala. Hamala imandiuza zimene zili kuseri kwa thabwa. Ichi chimangolavula. Iwe Madalo, ndiwe wa kusukulu, tenga."

Ndinatenga, ndipo ndisakunamizeni, ndinakondwa. Mukudziwa mmene ndakhalira m'wekishopu muja, mkazi ndekha pakati pa amuna asanu ndi awiri. Zaka zitatu amandipatsa sandipepa ndi tsache, pepala langa la ukalipentala lili m'sutikesi. Ndi mfuti ija zinthu zinasintha. Mapaleti oikapo matumba a tiyi amene anthu awiri ankakhoma asanu ndi atatu patsiku, ine ndekha ndinkakhoma makumi awiri. A Mervin akamadutsa ankaima n'kumaonerera. Amayi a kosankhira tiyi ankasuzumira pakhomo nthawi ya nkhomaliro n'kumati, "Taonani mwana wa a Dickson, akuwombera ngati msilikali."

Sabata yoyamba yomweyo ndinaona kuti mfutiyo imathetheka moto. Osati nthawi zonse. Koma msomali ukagunda msomali wakale m'matabwa ogumula aja, kapena ukalowa mopendekera, kamoto kamatuluka kukamwa kwake kuti ng'ani, n'kuzima. Ndinakawauza akapitawo athu, a Fabiano, omwe aja munawasiya ali kumacheka. Anaseka.

"Chitsulo chikamenya chitsulo umafuna patuluke madzi? Owotcherera aja moto umathetheka tsiku lonse, wafa ndani? Kagwire ntchito."

M'bokosi la mfuti munali kabuku ka Chingerezi kamene palibe anakatsegula. Ine ndinapita nako kunyumba. Kankanena zomwezo, kuti kuthethekako si kuwonongeka, chidacho chimatero. Koma pansi pake panali chithunzi cha lawi la moto, ndi mawu akuti chisagwiritsidwe ntchito pamene pali petulo, thina wosungunulira penti, gasi kapena fumbi lambiri, makamaka m'chipinda chotseka. Ndinawerenga kawiri, ababa, ndipo ndinamva bwinobwino. Sindinaonetse munthu. A Fabiano atandiseka kuja ndinaopa kuti ndikabwereranso ndi kabuku m'manja adzati mkazi wachita mantha, n'kupereka mfuti kwa wina. Kabukuko ndinakaika pansi pa Baibulo.

Kumayambiriro kwa Juni kunabwera uthenga woti kukubwera alendo, aja amayendera maesiteti m'malo mwa ogula tiyi akunja. Chaka chatha anadandaula kuti opopera mankhwala alibe posinthira zovala. Ndiye panagwa lamulo loti kasitolo kakale kaja ka kuseri kwa fakitale, kamene munkasungamo mafuta a makina, kasanduke chipinda chosinthiramo, ndipo kathe pofika Lachisanu. Ntchito inali ya mitundu iwiri: kukhoma matabwa kuzungulira makoma, ndi kupaka penti mabenchi ndi mashelefu. Inu mukudziwa kuti ntchito zimenezi sizichitika tsiku limodzi. Koma matabwa anafika mochedwa, ndipo Lachinayi m'mawa a Fabiano anatitumiza tonse awiri, ine ndi mfuti, a Crispin ndi bulashi.

Kunali chiperoni ngati cha leroli. Zenera la chipindacho linalibe galasi, tinali titatsekapo ndi pulayiwudi. Chitseko a Crispin anachikankha kusiya kampata koti paipi yanga idutse, chifukwa mvula yowaza ija inkalowa n'kumadontheza pa penti. Anali ndi chigubu cha thina chotsegula pambali pawo, ndi nsanza zonyowa zimene ankapukutira manja n'kumaziponya pansi. Ovolosi yawo inali itanyowa nayo kutsogolo konse. Tinkacheza. Ankandiuza za ulendo uja munapita nawo ku Milanje panjinga imodzi kukagula mbewu ya chimanga, tcheni n'kuduka pobwerera.

Cha m'ma leveni koloko mutu unayamba kundiwawa ndi fungo. Ndinati kwa a Crispin, "Ababa, fungoli lachuluka, titsegule chitseko."

Iwo anati, "Mvula indiwonongera ntchito. Atsala matabwa angati?"

"Atatu."

"Maliza, tikapumire panja limodzi."

Apa ndi pamene ndinayenera kunena za kabuku kaja. Chithunzi cha lawi chija chinandibwerera m'mutu, sindingakane. Koma ndinaganiza kuti matabwa ake ndi atsopano, mulibe msomali wakale, ndipo atsala atatu okha. Ndinagwada pafupi ndi chitseko kukhoma thabwa la m'munsi. Msomali woyamba unalowa. Wachiwiri unalowa. Wachitatu unalira mosiyana, kuti ngwee, ndipo ndinaona kamoto kaja.

Sikunaphulike monga anthu akunenera. Kunangomveka ngati munthu wakutumula chinsalu chachikulu. Moto wabuluu unayenda pansi kuchokera pamawondo anga kukafika pachigubu, mwina nthawi yake yosakwana kuphethira. Nditatembenuka a Crispin anali atayaka kuyambira m'miyendo mpaka pachifuwa, manja ali m'mwamba, bulashi idakali m'dzanja. Sanakuwe. Ankangoti, "Aa, aa," ngati munthu wodabwa.

Ndinatsegula chitseko n'kuthamangira pakhoma la fakitale pamene pamakhala botolo lofiira lozimitsira moto. Panali mbedza yokha. Mabotolo onse anali atapita ku Limbe kukadzazidwa kuti alendo adzawapeze atsopano. Ndinabwerera, ndinawagwira kolala ya ovolosi n'kuwakokera panja pamatope. Apo ndi pamene manja anga anapsera. Amayi awiri a kosankhira tiyi anabwera ndi masaka onyowa n'kuwafunditsa. Pamene moto unazima, nsalu ndi khungu zinali zosasiyanitsika. Sindilemba zambiri pamenepa.

Anatitengera kuchipatala kuno ku Makwasa pa galimoto ya esiteti. Madokotala anachita zimene akanatha, ndipo madzulo ake anawatumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Ine anandigoneka masiku anayi.

Tsiku lachiwiri kunabwera a Fabiano ndi a Mervin, atanyamula malalanje ndi pepala lotayipa kale. A Mervin ankaoneka kuti sanagone. Anandifunsa za manja, kenako anatuluka kukayankha foni, n'kutisiya awiri. A Fabiano anakokera mpando pafupi ndi bedi.

Anati, "M'jekete la a Crispin tapezamo ndudu ndi machesi. Pepalali likunena kuti moto unayamba ndi fodya. Iwe unali utafulatira, sunaone. Usaine apa."

Ndinati, "Jekete linali panja, pamsomali. Iwo sasutira m'nyumba."

Anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu. "Tamvera, mwanawe. Ukanena za mfuti, afunsa kuti anagwira mfutiyo ndani. Si ine. Si a Mervin. Munthu uja akapanda kuchira, apolisi abwera kwa amene anakoka chala. Uli ndi zaka zingati, twente sikisi? Ukufuna abambo ako amve kuti mwana wawo ali m'ndende chifukwa chowotcha mnzawo?"

Inu mukudziwa, ababa, ndipo aliyense pa esiteti pano akudziwa, kuti a Crispin akafuna kusuta ankayenda mpaka pachitsa cha bulugama chija cha kumsewu. Ndi iwo amene ankalanda anyamata machesi pakhomo la wekishopu. Ine ndinadziwa zonsezi. Anandipanikizira cholembera pakati pa mabandeji, ndipo ndinasaina.

Nditatuluka m'chipatala ndinakwera minibasi kupita ku Blantyre kukawaona. Linali tsiku lachisanu ndi chimodzi chichitikireni ngoziyo. Akazi awo, a Tione, anali panja pakapinga ndi anthu ena odikirira odwala, atatopa moti sanathe n'kudzuka komwe. Anamwino anandiveka chovala choyera n'kundipatsa mphindi zisanu. A Crispin anali atakulungidwa thupi lonse, kunja kunali nkhope yokha, yotupa. Ndinaganiza kuti sandizindikira. Koma anatsegula maso n'kunena motsitsa kwambiri kuti, "Manja ali bwanji, amisiri?"

Ndinawaonetsa mabandeji.

Kenako anati, "Unagunda chitsulo eti? Ndinamva kulira kwake. M'khoma muja muli ngowe yachitsulo, m'munsi, pafupi ndi chitseko. Tinaiika ndi abambo ako, yomangirirapo migolo ya mafuta. Kenako anaimata pulasitala. Ndinayenera kukuuza. Ndinaiwala, mwanangu."

Munthu ali pamenepo ankapepesa kwa ine. Sankadziwa za pepala lija, ndipo ine sindinawauze. Sindinawauzenso za kabuku. Ndinangoti, "Muchira, ababa," n'kutuluka. Anamwalira patapita masiku atatu, Loweruka m'mawa.

Tinakawaika kwawo ku Khonjeni. Anthu anabwera ambiri, esiteti inapereka bokosi ndi thirakitala yonyamula anthu. A Fabiano analankhula m'malo mwa wekishopu, anawayamikira kwambiri, n'kumaliza ndi kuchenjeza achinyamata za kuopsa kwa fodya pantchito. Anthu ankagwedeza mitu. Kumbuyo kwanga amayi ena ankanong'onezana kuti munthu wamkulu ngati ameneyu kudziwotcha yekha chifukwa cha ndudu imodzi, n'kutsala pang'ono kupha mwana wa mnzake.

Chimene chinandithyola ndi a Tione. M'siwa sankalira monga alirira mkazi woferedwa. Anangokhala, nkhope ili gwa. Nditapita kukawagwira dzanja anandikokera pafupi, n'kuyang'ana mabandeji anga, n'kunena kuti, "Pepa, Madalo. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuwauza za fodya ameneyu. Taona zimene akuchita iwe. Taona mmene andisiyira ine. Ndikufuna kulira koma mtima ukukana, ndawakwiyira." Kenako anatembenukira kubokosi n'kulankhula nawo m'Chilomwe mawu amene sindingawalembe pano.

Ndinabwerera kuntchito sabata yotsatira, kumangosesa chifukwa cha manja. Alendo aja anali atabwera n'kupita, anawaonetsa chipinda china. Mabotolo ofiira anali atabwerera m'malo mwake, onyezimira. Mfuti yanga anali atampatsa Ben, mnzanga wa m'wekishopu, ndipo Lachitatu ndinamupeza akukhoma shelefu m'galaja, pafupi ndi pamene amatsukira zitsulo za thirakitala ndi petulo. Ndinathamanga n'kukazimitsa kompuresa. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati, "Vuto n'chiyani? Ine sindisuta." Tsiku lomwelo ndinamva kuti a Tione awauza kuti popeza ngoziyo anaichititsa ndi mwini wake, palibe chimene esiteti ingawachitire kuposa bokosi lija, ndipo atuluke m'nyumba ya kampani pakutha pa mwezi.

Loweruka ndinakwera kabaza kupita ku Khonjeni, kumene a Tione anali akadali pa mwambo wa maliro. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba ya achemwali awo akusenda chinangwa. Anandiyalira mkeka, koma ine ndinagwada pansi. Ndinawauza zonse monga ndakuuzirani inu, kuyambira pa kabuku mpaka pa pepala. Mpeni unaima m'manja mwawo. Anandisiya ndilankhule mpaka kumapeto.

Kenako anafunsa kuti, "Ndiye kuti sanasute?"

"Sanasute, amayi."

"Ndipo iwe unali pomwepo pamene ine ndinkawanyoza ali m'bokosi?"

"Ndinali pomwepo."

Anaika mpeni m'beseni. Anati, "Za moto sindikuimba mlandu, ngozi imagwa. Koma unandisiya ndiike mwamuna wanga m'manda ndili nawo mkwiyo. Tsiku limenelo silibweranso. Dzuka, zipita." Ndikutuluka pampanda ndinamva kulira kwawo kukuyamba, kulira kwenikweni kwa maliro, ndipo anthu a nyumba zoyandikana anayamba kuthamangira komweko.

Lolemba sindinapite kuntchito. Ndinatenga kabuku kaja n'kupita kuboma, ku ofesi ya Leba, yoona za anthu apantchito. Ndinafotokoza zonse, analemba, ndinasaina kachiwiri, ulendo uno nditawerenga mzere uliwonse. Patapita masiku awiri anabwera kudzaona chipindacho. Anagumula pulasitala pafupi ndi chitseko n'kupeza ngowe yanu ija, msomali wanga utapindikira pamenepo.

Mmene zinthu zililimu ndi motere. Mfuti zonse ziwiri azitsekera m'kabati mpaka anthu ataphunzitsidwa bwino. Ine andiimitsa ntchito, kalata yake ikuti chifukwa chopereka umboni wabodza, ndipo pamenepo sananame. A Fabiano nawonso awaimitsa. Akuti a Mervin auza a Leba kuti iwo sankadziwa kuti ntchito ziwirizo zikuchitikira pamodzi. Kaya n'zoona, ine sindidziwa. Apolisi anandiitana kamodzi, anandifunsa mafunso kwa maola awiri n'kundiuza kuti ndisachoke m'boma la Thyolo. Za nyumba ya a Tione aziimitsa kaye mpaka nkhani itatha. Anzanga a kuwekishopu ena akuti ndachita bwino, koma amanena tikakumana awiri kunjira. Ambiri akuti ndawaipitsira dzina ndipo esiteti ikataya ogula, ana awo adzadya kwa ine. Kutchalitchi benchi imene ndimakhala ikumakhala ndi malo ambiri masiku ano.

Sindikudziwa ngati ndidzagwirenso ntchito ya matabwa. Adokotala akuti zala ziwiri mwina zidzapinda, mwina ayi. Koma ngakhale zitapinda, ndikamva kompuresa ya pamalo opopera matayala pamsika pano, ndimalambalala n'kudutsa njira ina.

Ndili ndi zopempha ziwiri, ababa. Choyamba, a Leba akufuna munthu amene anagwira ntchito ndi a Crispin nthawi yaitali alembe zimene akudziwa za khalidwe lawo pantchito, komanso za ngowe ija, chaka chimene munaiika ndi chifukwa chake. Musadziimbe mlandu pa chitsulo chimenecho. Munachiika pamalo pake, pa ntchito yake. Lembani zoona zokhazokha, achimwene ajambule pa foni n'kunditumizira.

Chachiwiri n'chovuta. Ndikupempha kuti mubwere. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo bondo silikulolani kukhala m'basi tsiku lonse. Koma ndiyenera kubwereranso ku Khonjeni kukapepesa pamaso pa abale a a Crispin monga mwa mwambo, ndipo sindingapite ndekha ngati mwana wopanda kwawo. Amalume ndinawapempha, akuti nkhani ya apolisi iwo salowerera. Ngati mukawerenga kalatayi muona kuti simungathe kukhala pambali panga pamaso pa anthu amenewo, ndidzamvetsa. Mungondiuza, kusiyana n'kukhala chete.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Limbikani. Muwauze nokha zimene mukuona kuti n'zoyenera, ine ndilibe mphamvu yozifotokozanso. Moni kwa alamu, ndipo ndathokoza chifukwa cha mafuta opaka pazipsera amene ananditumizira. Moni kwa Teleza ndi Mathew. Teleza anandiuza pa foni kuti akadzakula adzakhala kalipentala ngati azakhali ake, musamuletse, koma musamuuze kaye zanga. A kuwekishopu sindikunamizani kuti akupereka moni.

Moni wotsiriza ndi uwu. Lachinayi lapitali anatiitana tonse ku Leba, ndipo ine ndi a Tione tinadikira pabenchi imodzi pakhonde kuyambira m'mawa mpaka masana. Sanandiyang'ane, ndipo ine sindinayerekeze kuwalankhula. Titamaliza, akumanga chitenje kuti azipita, anaima patsogolo panga maso ali kumsewu, n'kunena kuti, "Ukamawalembera a Dickson uwapatse moni. Uwauze kuti mnzawo anawatchula kawiri m'chipatala, ndipo manda ali pafupi ndi njanji, sadzasochera." Ndinati zikomo amayi, muyende bwino. Ananyamuka n'kumapita.

Moniwo ndi wanu, ababa, ndaupereka monga anandipatsira.

Ndine mwana wanu,
Madalo.